ZIZINDIKIRO ZIMENE ZIUZA DOKOTALA ZA KHANSA YA M'MATUMBO

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za nthenda imene ambiri acita manyazi kuinena pa anthu, ndiyo khansa ya m'matumbo aakulu. Si nthenda yaing'ono iai. A World Health Organization anawerenga kuti m'caka ca 2020 cokha anthu pafupifupi 1,900,000 anapezeka nayo pa dziko lonse lapansi, ndipo oposa 900,000 anafa nayo.

Inu a ku Mufulira ndi ku Chingola mudziwa kuti mgodi sukumbidwa mongoganizira. Poyamba aboola pansi, natulutsa kamwala, naupima, ndipo kamwalako kauza akatswiri ngati pansipo pali mkuwa wambiri kapena wocepa. Momwemonso dokotala atenga magazi pang'ono, kapena kacidutswa ka cotupa, nafunamo zizindikiro zomuuza m'mene nthenda idzayendera ndi mankhwala amene adzathandiza.

Cizindikiro coyamba cili m'magazi, dzina lake CEA. Anacipeza madokotala awiri, Phil Gold ndi Samuel Freedman, ku Montreal m'dziko la Canada m'caka ca 1965. Mwa munthu wosadwala muyeso wake kawirikawiri supitirira 5. Ngati uli wokwera kwambiri wodwala asanacitidwe opareshoni, dokotala adziwa kuti ayenera kumuyang'anira mosamala. Cotupa cikacotsedwa conse, muyesowo utsika m'masabata owerengeka. Ukayambanso kukwera, mwina nthenda yabwerera, ngakhale mwini wake asanamve kupweteka kulikonse. Ndico cifukwa cake wodwala aitanidwa kukapimitsa magazi miyezi 3 kapena 6 iliyonse, kufikira zaka 5 zitatha. Koma cenjerani: CEA sitha kuuza munthu kuti alibe khansa, pakuti ena adwala muyeso uli wotsika, ndipo mwa osuta fodya ukwera popanda khansa.

Zizindikiro zina zili m'cotupa momwemo, m'timalangizo tobisika timene tilamulira kakulidwe ka thupi, timene ophunzira ati majini. Mwa odwala 10, pafupifupi 4 ali ndi cotupa cimene jini yake ya KRAS inasokonezeka. Kwa otere mankhwala a cetuximab ndi panitumumab, amene mtengo wake ndi waukulu ndithu, sagwira nchito. Tsono kupima kupulumutsa wodwala ku mankhwala opanda phindu, ndi banja lake ku ngongole. Jini ina ndiyo BRAF. Iyo ikasokonezeka, monga zicitika mwa wodwala mmodzi pa 10, nthenda ikhala yaukali, ndipo dokotala sacedwa nayo.

Palinso cizindikiro ca MSI, copezeka mwa odwala pafupifupi 15 pa 100. Ici nthawi zambiri cibweretsa mau abwino, cifukwa otere akapezeka msanga acira bwino koposa anzao, ndipo nthenda ikafalikira mankhwala olimbitsa citetezo ca thupi, monga pembrolizumab, awathandiza kwambiri. Koma mwa ena cizindikiroci cisonyeza kuti nthenda iyenda m'banja. Pamenepo ana ndi abale a mimba imodzi ayenera kupimidwa akali acinyamata.

Nzeru yatsopano ndiyo kufuna tizidutswa ta cotupa totsalira m'magazi opareshoni itatha. M'caka ca 2022 madokotala a ku Australia anasonyeza kuti mwa njira iyi odwala ambiri angalekedwe osapatsidwa mankhwala amphamvu aja otopetsa thupi, popanda kuonjeza ngozi yakuti nthenda ibwerere. Mapimidwe otere ndi odula, ndipo sapezeka m'cipatala ciliconse.

Kuno ku Lusaka odwala khansa athandizidwa pa Cancer Diseases Hospital, cipatala cimene Pulezidenti Levy Mwanawasa anatsegula m'caka ca 2007, pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH. Wa ku Kabwata kapena ku Woodlands afika kumeneko m'mphindi zocepa. Wa ku Chelstone akwera basi. Komabe ambiri afika mocedwa, si cifukwa ca kutalika kwa njira, koma cifukwa ca manyazi ndi mantha. Munthu aona magazi m'cimbudzi, nati, "Ndi kamwazi cabe," namwa mankhwala ogula pa msika miyezi yambiri.

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yanga. Cizindikiro coposa zonse ndico msinkhu umene nthenda yafikapo tsiku limene dokotala aiona. Cuthbert Dukes wa ku London anaonetsa ici kale m'caka ca 1932, ndipo cikali coona lero. Cotupa cikapezeka cikali m'khoma la matumbo, odwala pafupifupi 9 pa 10 akhala ndi moyo zaka 5 ndi kupitirira. Cikafika ku ciwindi kapena ku mapapo, otero ndi owerengeka. Zizindikiro zonse zija zithandiza koposa munthu amene wafika msanga.

Motero, bambo kapena mai, mukaona magazi m'cimbudzi, kapena kutsegula m'mimba ndi kudzimbidwa kosinthana kwa masabata angapo, kapena kuonda ndi kufooka kosadziwika cifukwa cake, pitani ku kiliniki ya kwanu, munene zonse osabisa. Musati ndinu wamng'ono, pakuti nthendayi igwiranso a zaka 30 ndi 40. Ndipo inu amene munacitidwa kale opareshoni, sungani khadi lanu, musaphonye tsiku lokapimitsa magazi, ngakhale mukumva bwino m'thupi.

Tsalani bwino, omvera, mpaka sabata la mawa.