Firiji Igulidwa Katatu

Madzulo ano tikambirane za katundu wamkuru wa m'nyumba, makamaka firiji ndi sitovu ya magetsi. Zinthu zimenezi sizigulidwa monga mcere kapena sopo. Munthu wa pa nchito asunga ndarama miyezi yambiri kuti agule cimodzi, ndipo akalakwa pa tsiku logula, banja lonse lidzalipira kulakwako zaka zambiri.

Mau anga ndi awa: firiji igulidwa katatu. Koyamba muilipira m'sitoro. Kaciwiri muilipira mwezi ndi mwezi pogula mayuniti a magetsi. Kacitatu muilipira kwa mmisiri pa tsiku limene yaleka kuzizira. Ambiri a ife tiyang'ana mtengo woyamba wokha, pakuti ndiwo wolembedwa ndi zilembo zazikuru pa citseko. Koma akuru akale anati, walira mvula walira matope. Wofuna kusunga ndarama ayenera kuwerenga mitengo yonse itatu asanaturutse ngakhale ngwee imodzi.

Mtengo woyamba: wa m'sitoro

Musanapite ku Cairo Road kapena ku Kamwala, yambani mwakhala pansi awiri m'nyumba ndi kufunsana kuti, Kodi cinthuci tidzacita naco ciani? Banja la anthu anai kapena asanu, limene ligula ndiwo pa msika masiku onse, silisowa firiji yaikuru ya zitseko ziwiri zoyang'anana. Ukuru wa firiji uyesedwa ndi malita, ndipo malo amene simudzaikamo kanthu muwalipira m'sitoro, muwalipiranso ku magetsi. Momwemonso sitovu ya mapuleti anai ndi uvuni. Ngati kwanu muphika nsima ndi ndiwo cabe, buledi mugula wophika kale, uvuniyo idzasanduka mosungira mapoto, pamene sitovu ya mapuleti awiri ikadakukwanirani pa mtengo wocepa ndithu.

Mukadziwa cimene mufuna, lembani dzina lace ndi nambala yace, ndipo mufunse mtengo m'masitoro atatu. Safunsa anadya phula. Funsaninso ngati mtengowo uphatikiza kukuperekerani katunduyo kunyumba, cifukwa firiji siikwera minibasi, ndipo ndarama zimene mwapulumutsa m'sitoro ya kutali zikhoza kuthera kwa mwini galimoto. Mukaona firiji yokalika pang'ono m'mbali, imene inaima nthawi yaitali poonetsera, pemphani kuti atsitse mtengo. Cipsera ca kunja sicilepheretsa madzi kuzizira.

Tsono za nkhongole. Tiyerekeze kuti firiji ina igulidwa K8,000 polipira zonse pamodzi. Mwini sitoro akuti, "Perekani K2,000 lero, ndi K700 mwezi uli wonse kwa miyezi 12." K700 imveka yaing'ono m'khutu. Koma werengani bwino: miyezi 12 ipanga K8,400, ndipo pamodzi ndi K2,000 yoyamba ija zikwana K10,400. Mwapereka K2,400 pa cinthu cimene simudzaciona ndi maso. Ziwerengero izi nzongoyerekeza, koma funso loyenera kufunsa ndi limodzi m'sitoro iri yonse: "Pomaliza ndidzakhala nditalipira zingati zonse pamodzi?" Akulembereni yankho pa pepala. Funsaninso cimene cidzacitika mukalephera kulipira mwezi umodzi, pakuti pa mapangano ambiri otere katundu akhala wa sitoro kufikira mutamaliza nkhongole, ndipo akhoza kudzamtenganso. Za kaloba sindinena zambiri. Wogula firiji ndi kaloba amwa madzi ozizira mtima uli kutentha.

Njira yathu ya cilimba iposa zonsezi. Anthu 8 akamasonkha K1,000 mwezi uli wonse, ali yense alandira K8,000 pa nthawi yace popanda ciongola dzanja. Ngakhale wotsiriza adikira miyezi 8 yokha, yocepa kuposa miyezi 12 ya nkhongole ija. Cofunika ndico kusankha anzanu okhulupirika, amene mudziwa pamene akhala ndi kumene agwira nchito.

Mtengo waciwiri: wa magetsi

Yuniti imodzi imene mugula ku ZESCO ndiyo mphamvu imene cinthu ca mawati 1,000 cidya pa ora limodzi. Cinthu ciri conse ca magetsi ciri ndi kacitsulo kapena kapepala kumbuyo kwace konena mawati ace. Puleti la sitovu la mawati 1,500 likayaka maora awiri pa tsiku lidya mayuniti 3, ndiye kuti mayuniti 90 pa mwezi wa masiku 30. Cifukwa cace nyemba zosaviikidwa, zophikidwa mu poto wopindika pansi ndi wopanda cibvundikiro, ziri ndi mtengo woposa umene munalipira pa msika.

Firiji idya pang'ono pa ora, koma siigona. Igwira nchito usana ndi usiku caka conse. Pa mafiriji ambiri atsopano, makamaka ocokera ku South Africa, pali cipepala ca mizere yoyambira pa yobiriwira kufikira pa yofiira, ndipo pansi pace pali nambala yotsatana ndi zilembo kWh. Nambala imeneyo ndiyo mayuniti amene firijiyo iyembekezeka kudya pa caka. Tiyerekezenso mafiriji awiri olingana ukuru, ina ya 250 ndi ina ya 450. Asiyana mayuniti 200 pa caka, ndipo pa zaka 10 asiyana 2,000. Tengani risiti lanu la magetsi, muone mtengo wa yuniti, muwerenge nokha. Kumbukiraninso kuti mitengo ya magetsi a m'nyumba, imene ibvomerezedwa ndi Energy Regulation Board, iri m'masitepe: mayuniti oyamba pa mwezi ndi ochipa, ndipo otsatira akwera mtengo. Kotero mayuniti oonjezera a firiji yadyera ndiwo amene mugula pa mtengo wapamwamba. Kawirikawiri firiji yochipa m'sitoro ipezeka yodula m'nyumba.

Mukafika nayo kunyumba, iimikeni maora angapo musanaiyatse, kuti mafuta a m'kati abwerere pa malo pace. Musaiike pa dzuwa kapena pafupi ndi sitovu, siyani mpata kumbuyo kwace kuti mphepo ipite, ndipo musaikemo cakudya cikali cotentha. Zonsezi sizilira ndarama, koma zicepetsa mayuniti.

Mtengo wacitatu: wa mmisiri

Magetsi ambiri a dziko lino acokera ku madzi, makamaka ku Kariba, dziwe limene linatha kumangidwa mu 1959, ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikacepa, magetsi acepanso. Tinaona zimenezi mu 2015 ndi mu 2019, ndipo koposa mu 2024, caka cimene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza m'mwezi wa February kuti cirala cafika pa tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco nyumba zambiri zinaona magetsi maora owerengeka cabe pa tsiku, ndipo nyama ndi nsomba zinaola m'mafiriji a mtengo wapatali.

Wogula wanzeru atengapo phunziro. Firiji wamba yosatsegulidwa isunga cakudya bwino maora ngati anai magetsi atazima, koma firiji youmitsa yodzala ikhoza kusunga masiku awiri. Yooneka monga bokosi, yotsegulira pamwamba, iposa yoimirira, cifukwa mpweya wozizira ndi wolemera ndipo sutayika potsegula cibvundikiro. Amai ogulitsa nkhuku, nsomba kapena maaisi aganizire bwino mtundu umenewu. Pa zophikira, banja likhoza kupindula pogula sitovu yaing'ono ya magetsi pamodzi ndi ya gasi, m'malo mwa sitovu imodzi yaikuru imene ikhala cete magetsi akazima, mwini wace ali kuthamangira makala ndi mbaula.

Coopsa cina cifika pamene magetsi abwera. Nthawi zina abwera ndi mphamvu yopitirira, kapena yoperewera, ndipo aononga kompuresa, ndiyo mtima wa firiji. Kusintha kompuresa kudya gawo lalikuru la mtengo wa firiji yonse. Pali kacipangizo kochinjiriza, kamene kaikidwa pakati pa firiji ndi soketi. Kadula magetsi akasokonezeka, ndipo kadikira mphindi zocepa kasanawalole kulowanso. Mtengo wace ndi waung'ono poyerekeza ndi wa kompuresa. Kagulireni tsiku lomwelo, ndipo muwerengere mtengo wace pamodzi ndi wa firiji.

Ena adzati, Nanga firiji yogwirapo kale nchito? Ikhoza kukhala yabwino, koma musaigule iri yozima. Aiyatse pamaso panu, mudikire ora lathunthu, mugwire m'kati, mumvetsere kulira kwace. Tsekerani pepala pa citseko ndi kulikoka. Likaturuka mosabvuta, mphira watha ndipo kuzizira kudzathawira pomwepo. Werenganinso kacitsulo ka kumbuyo. Mukaona R12, dziwani kuti firijiyo ndi yakale kwambiri, pakuti gasi ameneyo analetsedwa potsata pangano la maiko la ku Montreal la 1987, ndipo maiko onga lathu anayenera kumleka pofika 2010. Mafiriji ambiri atsopano ali ndi R600a. Ndipo ngakhale mugule yatsopano, yambani mwafunsa mmisiri wa kwanu ngati zitsulo za mtundu umenewo zipezeka. Firiji yokongola imene citsulo cace ciyenera kuitanitsidwa kunja idzaima miyezi monga kabati.

Potsiriza, musacoke m'sitoro opanda risiti ndi cikalata ca galanti colembedwa tsiku, nambala ya katundu ndi cidindo ca sitoro. Funsani kuti galantiyo ndi ya miyezi ingati, ndi kuti wokonza ali kuti. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 liletsa eni masitoro kupacika zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ndipo lilamula kuti wogulitsa katundu woonongeka abweze ndarama kapena apereke wina. Akakana, mukhoza kudandaula ku Competition and Consumer Protection Commission. Koma kumeneko adzayamba kukufunsani risiti, ndipo mlandu wopanda risiti ubvuta kuuweruza. Sungani mapepalawa pamodzi ndi makadi a ku cipatala a ana, osati m'thumba la malaya opita kocapa.

Tsono, omvera, pa tsiku limene mudzaima patsogolo pa firiji yonyezimira, wogulitsa ali kukufulumizani kuti yatsala imodzi yokha, funsani mafunso atatu. Ndidzalipira zingati zonse pamodzi? Idzadya mayuniti angati pa caka? Ikafa adzaikonza ndani, ndipo ndi zitsulo zocokera kuti? Akalephera kukuyankhani, bwererani kunyumba ndi ndarama zanu m'thumba. Mafiriji sadzatha m'masitoro. Kuona maso a nkhono nkudekha.