Kaunjika ndi Kusinthana: Malaya Akale Alowere Kuti?

Pa Jenda, pamene msewu wa M1 umadutsa pafupi ndi malire a Zambia, wogulitsa akangodula mawaya a belo la kaunjika amayi amawerama pamulu. Uyu wakoka siketi, uyo akuyeza jekete pamapewa a mwana. Koma kunyumba kwa amayi omwewa kuli sutikesi yodzaza zovala zimene ana anakula nazo, mpoto wopanda chivindikiro, ndi nsapato zimene bambo anatumiza kuchokera ku Joni koma sizinakwane aliyense. Katundu wotereyu angathe kupeza mwini watsopano anthu atapangana tsiku losinthana. Kodi njira ziwirizi zimasiyana pati?

Mphamvu ya kaunjika ndi kuchuluka kwa zosankha. Mabelo amatulutsa za khanda, za mkwati, ndi majuzi a chisanu cha June chimene anthu a ku Mzimba amachidziwa bwino. Malondawa amadyetsanso mabanja ambiri, kuyambira pa boma mpaka misika ya kumidzi. Vuto lake ndi lakuti amafuna ndalama, ndipo mabelo amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya pamulu inakwera nayo. Komanso pansi pa belo pamatsala zong'ambika ndi zothimbirira zomwe palibe amazifuna. Zimenezi zimathera kudzala kapena pamoto, kutanthauza kuti tagula zinyalala za eni ndi ndalama zathu.

Kusinthana sikubweretsa chinthu chatsopano m'mudzi, kumangoyendetsa zomwe zilipo kale. Si kwachilendonso kuno. Nthawi yokolola, kwa Mabulabo ndi madera ozungulira Embangweni, mavenda a njinga amasinthanitsa mabeseni, mbale ndi zovala ndi chimanga kapena mtedza. Kungoti kumeneko mlimi ndiye amaluza, chifukwa chimanga chimene wapereka posinthana ndi beseni adzachifuna mu February nkhokwe ili mbee. Kusinthana kwa anansi n'kosiyana: yunifolomu yothina ipite kwa mwana wa sitandade 2, inu mutenge ndowa, chakudya chisakhudzidwe. Kumaiko ena anthu anakhazikitsa magulu opatsana katundu wakale mwaulere, monga Freecycle yomwe inayamba mu 2003 ku Tucson, ku America. Ife malo okumaniranapo tili nawo kale: amayi a Umanyano kutchalitchi, mabanki a m'mudzi, makomiti a sukulu.

Komabe kusinthana kuli ndi minga yake. Amene ali ndi chimene mukufuna ayeneranso kufuna chimene muli nacho, pamene ndalama sifunsa zimenezo. Munga waukulu ndi manyazi. Diresi ya pakaunjika inavalidwa ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja amene simudzamuona, choncho mukaichapa ndi kuisita ndi yanu basi. Diresi ya mnansi ili ndi mboni. Mukalowa nayo m'tchalitchi, wina amanong'oneza mnzake kuti, "Si ya uje ija?" Enanso amaopa kupereka chovala chimene chinamwa thukuta lawo, poganiza kuti wina angakachichite zamankhwala.

Choncho okonza tsiku losinthana angachite bwino kubwereka nzeru kwa kaunjika yemweyo. Katundu asonkhanitsidwe dzulo lake kuchokera m'midzi ingapo, achapidwe, aunjikidwe pamodzi popanda dzina la mwini, ndipo wobweretsa zinthu zitatu apatsidwe timapepala titatu tosankhira. Zinthu zopanda manyazi, monga mabuku a sukulu, zigubu, makasu ndi zitsulo za njinga, ndizo zoyambira.

Jekete ya chisanu mudzaigulabe pa Jenda, chifukwa mnansi wanu akuivala yake. Koma nsapato za ku Joni zija zili ndi phazi lozikwana, mwina m'mudzi wachitatu kuchoka kwanu, ndipo musutikesi zikungodyedwa ndi mphemvu.