Penti amanama, chitsulo sichinama

Ndinaipeza pa msika ku Limbe, pakati pa njinga zakaunjika: yowonda ngati nswala, mahandulo opindikira pansi, penti wofiira wa psuu, ndipo pa felemu anamatapo dzina loti Colnago. Wogulitsa analumbira kuti ndi ya ku Italy. Ndinalipira, n'kuiguguza mpaka kwa mkulu wina amene wakalambira pa ntchito yokonza njinga.

Mkuluyo sanataye nthawi ndi sitika. Anangoitembenuza matayala m'mwamba, n'kuyeza chibowo cha m'munsi modutsa chitsulo cha mapedulo. "Mwana wanga, apa ndi mamilimita 68. Za ku Italy zimakhala 70." Anafunanso chizindikiro chonga tsamba la makutu atatu chimene a Colnago amaboola molumikizira mapaipi a felemu. Panalibe. Mtima unangoti fwaa.

"Musadandaule," anatero. "Tiifunse yokha kumene inachokera."

Kutsogolo kwa felemu, pansi pa penti, tinapeza timabowo titatu momwe munali timisomali togwira baji. Baji ya Raleigh, ija ya mutu wa kakowa yomwe agogo athu ankaidziwa bwino, imakhomedwa ndi timisomali titatu. Titapala pang'ono ndi sandipepa kunsi kwa felemu, nambala inatulukira: chilembo W, chilembo china, kenako 8 ndi manambala ena. Cha m'ma 1974, kampaniyi inayamba kulemba motere: chilembo choyamba chimanena fakitale, N kuimira Nottingham, W kuimira Worksop kumene ankapangira njinga zampikisano zapamwamba. Nambala yoyamba ndiyo yomalizira ya chaka. Vuto lake n'lakuti 8 angakhale 1978 kapena 1988, pakuti W anapitirirabe ngakhale fakitale ya Worksop itatsekedwa mu 1981.

Pa bwalo la mfumu mlandu sagamula ndi mboni imodzi, ndiye tinaitana zina. Mpata wolowa tayala lakumbuyo unali mamilimita 120, muyeso wa nthawi ya magiya asanu. Magiya atafika asanu ndi limodzi mpatawo unakula kukhala 126, ndipo kenako 130. Nthambo za mabuleki zinkatulukira pamwamba pa zogwirira n'kupindika ngati nyanga, pamene chapakati pa zaka za m'ma 1980 anayamba kuzibisa pansi pa tepi ya mahandulo. Nako kachida kosinthira tcheni kumbuyo, titakapukuta ndi palafini, kanaonetsa mawu oti Campagnolo Nuovo Record, ndi ena ang'onoang'ono: PATENT 77. Kanapangidwa mu 1977, kukadikira felemu yake chaka chotsatira.

Mboni imodzi yokha ndiyo inasiyana ndi zinzake. Buleki yakumbuyo inali ya Shimano, ndipo kuseri kwake kunali zilembo JC. Kwa Shimano chilembo choyamba ndi chaka, kuyambira A wa 1976, chachiwiri ndi mwezi. Ndiye kuti Malichi 1985. Mkulu uja anangoseka: "Ameneyu ndi mlendo, anabwera mochedwa." Zida zimatha, eni ake amasintha. N'chifukwa chake mukhulupirire chida chakale kwambiri chogwirizana ndi felemu, osati chatsopano.

Chomwe chinatsala ndi mtundu wake weniweni. Chitsulo chonyamula chishalo chinali cha mamilimita 27.2, chizindikiro choti mapaipi ndi opyapyala, a gulu la Reynolds 531, chitsulo cha ku Birmingham chomwe chinatuluka mu 1935. Njinga zotchipa zimakhala ndi mapaipi okhuthala, motero chitsulo cha chishalo chimachepa. Pomaliza tinasolola foloko. Pa gawo lobisika m'kati mwa felemu, pomwe wopenta waulesi safika, panatsalira utoto wa buluu wotuwira. Nditayerekeza ndi zithunzi za m'makatalogi akale a Raleigh amene anthu anaika pa intaneti, zonse zinaloza kumodzi: Raleigh Professional ya 1978.

Ngati muli nayo yotere m'nyumba yosungira katundu, musathamangire kuipenta kapena kutaya zida zadzimbiri. Jambulani nambala iliyonse, ndipo popala musalimbitse dzanja, mungafufute umboni.

Sitika ya Colnago ija ndinaimatula ndi madzi otentha. Pano ndikufunafuna baji ya kakowa, ndipo timabowo titatu tija tikudikira.