Makapu a pepala: ponyani m'dimba, osati m'ngalande

Kitchen party ikatha, kapena anthu akabalalika pa maliro, pamatsala mulu wa makapu a pepala. Ambiri m'makomboni a Lusaka amangowasesera m'ngalande. Mvula ikabwera, zinyalala zimenezi zimatseka njira ya madzi, ndipo a ku Kanyama ndi ku Misisi amadziwa bwino zimene zimatsatira.

Kapu imeneyi siwola msanga cifukwa mkati mwake muli kapulasitiki kopyapyala. Koma kapulasitiki komweko ndiko kamaithandiza kusunga cinyezi, motero ndi yabwino kufeseramo mbewu. Boolani pansi ndi msomali, ikani dothi losakaniza ndi manyowa, fesani matimati, impwa olo repu. Pakapita milungu inayi kapena isanu, ng'ambani kapu, okani mbande pamodzi ndi dothi lake kuti mizu isaduke. Yong'ambikayo ipite m'bini. Ngakhale muli pa lendi, mulibe malo, okerani m'saka yodzaza dothi pakhomo.

Cimodzi cabe: musamwerenso m'kapu imene wina anamwera, pakuti pepala silitsukika bwino. Kolera ya 2024, imene inasandutsa National Heroes Stadium kukhala cipatala, si ya kuiwala manje manje.