Ulemu suthera m'mawondo

Masamba akaikidwa pamsewu, aliyense amadziwa kuti pamudzipo pagwa zovuta. Wakabaza amatsika njinga n'kumaikankha, bambo amavula chipewa, dalaivala wa minibasi amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi. Malemuwo sakuwadziwa, ndipo palibe wapolisi wawaimitsa. Angozindikira kuti misozi ya anzawo ndi yawo yomwe.

Ulemu wa kwathu umayambira pamenepo. Mlendo amaima pabwalo n'kunena kuti "Odi!" Eni khomo amamulandira katundu, kumuyalira mphasa, kenako n'kumulonjera modekha. Chimene wadzera chimayamba chadikira, chifukwa munthu ndiye woyamba. Mwana amalandira chinthu ndi manja awiri, chingachepe bwanji. Mayi satchulidwa dzina ngati kamtsikana: ndi Nabanda, Naphiri kapena amake a uje. Ku chinamwali anankungwi amalangiza namwali kugwada popereka madzi kwa akuluakulu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Koma pali ena amene ulemu amangouyembekezera kwa amayi ndi ana, iwo osaubweza. Mu 1973, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Lamulolo lidachotsedwa mu 1993, koma maganizo ake adatsalira m'mitu ya ena. Mu Januwale 2012, anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya ku Lilongwe adavula amayi ovala mathalauzi, ati poteteza chikhalidwe. Amayi adasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ndipo mayi Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anali nawo pamsonkhanowo.

Ndi chikhalidwe chiti chimene chimavula mayi pagulu? Makolo athu akaona mayi zovala zamuthawa, ankayang'ana kumbali, wina n'kuthamanga ndi chitenje kukamufunditsa.

Mwamuna waulemu amaoneka m'basi yodzaza, pamene wanyamuka kuti mayi woyembekezera akhale. Amaoneka pamjigo, pamene wathandiza gogo kusenza ndowa, ndi pamzere wa kuchipatala, pamene sadumpha anzake ngakhale akudziwana ndi mlonda. Kunyumba amanena "zikomo" kwa mkazi wake akamuikira nsima, ndipo akalakwira mwana wake saona chovuta kunena "pepa".

Mwanayo ndiye adzatsike njinga mawa, akadzaona masamba pamsewu wa mudzi umene sakuudziwa.