Kuzizira kwa mapiri a Ngauma kudadzidzimutsa banja la ku Cuamba

Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera pa Mandimba mpaka ku Lichinga ndi wautali makilomita pafupifupi 300. Chiikireni phula, ndi chithandizo cha African Development Bank ndi dziko la Japan, anthu ambiri akuyenda mumsewuwu pa njinga zamoto. Komabe ambiri amaiwala kuti pamsewuwu munthu amanyamuka kumalo otentha n'kukafika kumalo ozizira tsiku lomwelo.

Izi n'zimene zidaonekera banja lina la ku Cuamba m'mwezi wa Julaye, litalandira uthenga wakuti mayi a mkaziyo adwala mwakayakaya kumudzi kwawo pafupi ndi Massangulo, likulu la boma la Ngauma.

Bamboyo ndi mbadwa ya ku Cuamba komweko ndipo kumapiriko adali asanapiteko m'nyengo yozizira. Mayiyo adachokako ali mtsikana, pamene banja lawo lidathawira ku Malawi kudzera pa Chiponde chifukwa cha nkhondo imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Makolo ake adabwerera kumudzi, koma iye adakwatiwa n'kukakhala ku Cuamba.

Uthengawo utafika masana, awiriwo sadafune kudikira chapa. Adamanga kathumba ka mpunga ndi shuga kumbuyo kwa njinga yamoto n'kuuyamba ulendo. Bamboyo adavala malaya okha, mayiyo adafunda chitenje chimodzi. Dzuwa lidali kuwomba bwino pamene mapiri a Mitucué ankatsalira m'mbuyo, ndipo adawoloka mtsinje wa Lugenda, umene umachokera m'nyanja ya Amaramba, popanda vuto lililonse.

Adafika pa Mandimba kukuda, atayenda makilomita pafupifupi 150. Apa m'pamene padabuka kusamvana. Bamboyo ankafuna kupitirira usiku womwewo kuti akapeze apongozi ake akadali moyo. Mayiyo, ngakhale wodwalayo adali mayi ake omubala, adapempha amuna ake kuti agone, chifukwa ankakumbukira mmene mphepo ya kwawo imalasira m'mafupa. Adawakumbutsanso kuti kuthamanga sikufika, ndipo maliro atatu pamudzi umodzi sangathandize aliyense.

Bamboyo adamvera monyinyirika. Adagona kwa achibale, ndipo m'mawa adabwereka majekete awiri, zipewa ndi bulangete.

Atangoyamba kukwera zitunda za kumpoto kwa Mandimba, nkhungu idatseka msewu. Zigwa zonse zidayera mbuu, moti nsonga za mapiri zinkaoneka ngati zilumba. Nyali ya njingayo inkangounika mapazi owerengeka, ndipo magalimoto akuluakulu ochokera ku Lichinga ankangotulukira mwadzidzidzi. Zala za bamboyo zidauma mwakuti ankalephera kugwira buleki, ndipo kawiri konse adaima kuti aothe moto wa amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu.

Chimene chimachititsa izi ndi kukwera kwa malowa. Mzinda wa Lichinga uli pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pomwe Cuamba ili m'munsi kwambiri. Munthu akamakwera mamita 1,000 alionse, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kuwonjezera apo, m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumawomba mwera, ndipo wokwera njinga yamoto amaumva kwambiri chifukwa cha liwiro. Chipale chofewa chimene chimagwa m'mapiri a ku Ulaya kapena ku Lesotho sichigwa ku Niassa, koma kuzizira kwa kuno n'kokwanira kudwalitsa mwana kapena nkhalamba. Nyengo yomweyi ndiyo imachititsa kuti nyemba ndi mbatata ya kachewere zizichita bwino m'maderawa.

Banjali lidafika ku Massangulo dzuwa litakwera, nkhungu itayamba kubalalika. Pamalopa pali mishoni yakale ya Katolika imene ansembe a Consolata adakhazikitsa mu 1928, ndipo kuchokera pamenepo mayiyo adaizindikira njira ya kwawo popanda kufunsa munthu. Adapeza gogoyo ali moyo koma akubanika ndi chifuwa, atagona pamphasa pafupi ndi moto. Tsiku lomwelo adamutengera kuchipatala, atamufunditsa bulangete lobwereka lija. Bamboyo adavomera pamaso pa apongozi kuti akadapitirira usiku uja, mwina anthu a pamudzipo akadakamutola m'ngalande.

Anthu ozolowera msewuwu amalangiza kuti m'nyengo ino ndi bwino kunyamuka pa Mandimba dzuwa litatuluka ndithu, osati mbandakucha kapena usiku. Jekete, chipewa choteteza mutu ndi zovala m'manja zisasiyidwe, nyali iziyaka ngakhale masana, ndipo mu nkhungu liwiro lichepe. Ana aang'ono asaikidwe kutsogolo kwa njinga kumene mphepo imamenya. Banja lokhala ndi wodwala kapena khanda ndi bwino likwere chapa, ngakhale mtengo wake uli wokwererapo. Amene akuchokera ku Cuamba kupita ku Lichinga angathenso kufunsa za sitima, popeza njanji ya pakati pa mizinda iwiriyi idakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2016.