Za Manda Akale a ku Cape Maclear

Aphunzitsi anzanga, mau akuti "manda" sasiyanitsa umodzi ndi unyinji. Dzenje la munthu mmodzi timati manda ace, ndiponso msitu wonse umene mudzi uikamo akufa ao timaucha manda. Mwa mwambo wa makolo munthu sadulako mtengo, ndipo salowako wamba, koma pa tsiku la maliro, adzukulu atatsogola ndi makasu. Tsono lero tinene za manda ena akale, m'mene mugona alendo okhaokha.

Mandawo ali ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe, m'boma la Mangochi. Kumeneko ndiko inakoceza ngalawa yamoto yochedwa Ilala m'mwezi wa October 1875, itanyamula E. D. Young, Dr Robert Laws ndi anzao a ku Scotland. Iwo anamanga mudzi wa misyoni, naucha Livingstonia, kukumbukira David Livingstone, amene anamwalira m'caka ca 1873. Anakonda malowo cifukwa ca dooko lace labwino, koma malungo anali pomwepo.

M'caka ca 1876 anafika Dr James Stewart pamodzi ndi Dr William Black ndi anyamata ophunzira ku Lovedale, ku South Africa. Dr Black anamwalira m'mwezi wa May 1877. Caka comweco anamtsata Shadrach Ngunana, mmodzi wa anyamata aja, ndiye anali kuphunzitsa ana m'sukulu. Pomwepo agonanso John Mackay, ndi George Benzie, woyendetsa Ilala, ndi John Gunn, wa nchito ya kumunda. Awiri otsirizawa anamwalira m'caka ca 1880. Manda anakwana asanu asanabatizidwe munthu ndi mmodzi yemwe, pakuti woyamba, Albert Namalambe, anabatizidwa m'mwezi wa March 1881.

Caka comweco misyoni inasamukira ku Bandawe, nimsiya Namalambe asunge malowo. Koma ku Bandawe nako malungo anawapeza, kotero kuti m'caka ca 1894 Dr Laws anakwera ku phiri la Khondowe. Masiku amenewo anthu ankayesa kuti nthendayi icokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Kunali m'caka ca 1897 pamene Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu.

Maina asanuwa tiwadziwa lero cifukwa analipo anthu amene anawalemba. Nanga a kwanu? Pa midzi yambiri ya misyoni pali mitumbira ya aphunzitsi oyamba ndi ana ao, yopanda mwala kapena dzina, ndipo nkhalamba zimene ziidziwa zirikutha. Cifukwa cace pemphani cilolezo kwa mfumu ndi eni mbumba, mupite ndi akuluwo kumanda, akulozereni mtumbira uliwonse, ndipo inu mulembe dzina ndi caka m'buku la mpingo.